Kugaya mwala kuti tipeze zinki: mbiri ya mphamvu m'migodi ya kufupi ndi Dublin

Pali nkhani ziwiri zimene zimabwerezedwa kawirikawiri anthu akamakamba za migodi, ndipo chifukwa chozimva pafupipafupi ambiri anangozilandira. Yoyamba imati ntchito yophwanya ndi kugaya miyala ya m'migodi imadya magawo atatu kapena anayi pa magawo 100 alionse a magetsi a padziko lonse. Yachiwiri inamveka kwambiri ku Ireland mu 2023. Imati mgodi waukulu wa zinki wa Tara, umene uli ku Navan, makilomita pafupifupi 50 kumpoto chakumadzulo kwa Dublin, unaimitsidwa ndi kudula kwa magetsi basi. Nkhani zonse ziwirizi zili ndi choonadi mkati mwake, koma zonse n'zokokomeza, ndipo kukokomezako kumaphimba funso limene Amalawi tiyenera kulifunsa panopa pamene tikuika mtima pa migodi: kodi mgodi umathera mphamvu zochuluka bwanji pogaya mwala umene pamapeto pake uutaya?

Zinki timakhala naye tsiku ndi tsiku ngakhale sitimutchula dzina. Ndiye amakutira malata a padenga, ndowa ndi mawaya a mpanda kuti asachite dzimbiri. Koma pansi pa nthaka sapezeka ali payekha. Amakhala timadontho tomwazikana m'mwala, atagwirana ndi sulufule, moyandikana ndi mtovu, ndipo kuti timadonthoto timasuke, mwala wonse uyenera kuphwanyidwa ndi kugayidwa mpaka usanduke ufa. Mphamvu zambiri zimathera pamenepo.

Za kale kwambiri n'zochepa. Ku Ross Island, kufupi ndi tauni ya Killarney, akatswiri ofukula zakale anapeza mgodi wa mkuwa umene unayamba zaka pafupifupi 2,400 Yesu asanabadwe, pamodzi ndi nyundo zamiyala zambirimbiri. Anthu a nthawiyo ankasonkha moto pathanthwe kuti ling'aluke, kenako n'kumaliswa ndi miyala yolimba. Mphamvu yawo inali nkhuni ndi mkono.

Zolembedwa zimayamba kuchuluka m'zaka za m'ma 1800. Munthu akakhala kum'mwera kwa mzinda wa Dublin n'kuyang'ana kumapiri, amaona chumuni chamiyala chitaima chokha paphiri la Carrickgollogan, chili ndi masitepe ozungulira kunja kwake, ambiri mwa iwo atachoka. Chimenechi n'chotsalira cha ng'anjo ya mtovu ya Ballycorus. Mtovu anayamba kuukumba pamalopa cha m'ma 1807, ndipo mu 1826 malowa anatengedwa ndi Mining Company of Ireland, kampani imene inakhazikitsidwa ku Dublin mu 1824. Mgodi wa pa Ballycorus weniweniwo sunali wolemera. Chimene chinakula ndi ng'anjo, imene inkasungunula mtovu wochokera ku Glendalough ndi Glendasan m'mapiri a Wicklow, ndipo pambuyo pake wochokera ku Isle of Man. Utsi ankaudutsitsa m'ngalande yomangidwa ndi miyala, yotalika kupitirira kilomita imodzi, yokwera phiri mpaka kuchumuni, kuti mtovu wouluka ndi utsiwo uzimatirira m'makoma, anthu n'kumalowamo kukaupala. Ng'anjoyi inatsekedwa mu 1913.

Kuphwanya kunkachitikira ku migodi komweko, ngolo za akavalo zisananyamule katundu. Kumtunda kwa nyanja ya Glendalough, m'mabwinja a mudzi wa anthu a mumgodi, mpaka lero muli makina akale ophwanyira: migolo iwiri yachitsulo yoyang'anizana, imene inkazungulira mokokera mwala pakati pake n'kuufinya mpaka usweke. Makina amtunduwu anachokera ku migodi ya ku Cornwall ndi Devon ku England, ndipo ankayendetsedwa ndi gudumu lalikulu lozunguzidwa ndi madzi a mumtsinje. Malasha anali odula, poti dziko la Ireland lilibe ambiri ndipo ankachita kuwaolotsa panyanja kuchokera ku Britain. N'chifukwa chake mkuwa wa ku Avoca, Allihies ndi Knockmahon unkatumizidwa ku Swansea, ku Wales, kukasungunulidwa kumene malasha anali pafupi.

Gudumu la madzi lili ndi malire. Mtsinje ukachepa kapena ukaundana ndi chisanu, ntchito inkaima. Choncho palibe amene akanalola kuti mphamvu yochepayo ithere pa mwala wopanda kanthu. Monga zinalili m'migodi yambiri ya nthawiyo, mwala ukatuluka pansi unkayamba wadutsa m'manja mwa anthu, kuphatikizapo amayi ndi ana, amene ankautsuka, kuuswa ndi nyundo ndi kusankha: wonyezimira mtovu uku, woyera wopanda kanthu uko. Wosankhidwawo ndiwo unkapita kumakina. Akauphwanya ankaupatula ndi madzi, chifukwa mwala wa mtovu umalemera kuwirikiza pafupifupi katatu kuposa mwala wamba, ndiye umamira msanga.

Masiku amenewo si oti munthu n'kuwalakalaka. Ntchitoyo inali yozunza, ya malipiro ochepa, yogwiridwa pamphepo ndi m'madzi ozizira, ndipo mtovu ndi poizoni amene amawononga magazi ndi ubongo wa mwana. Njirayo inkatayanso chuma chambiri. Zinki ankamuona ngati chinyalala, moti m'zaka za m'ma 1900 milu ya zotayidwa ku Wicklow inafukulidwanso. Komabe mfundo imodzi anthu amenewa anaigwira bwino: yamba wachotsa chopanda ntchito, kenako gaya chotsalacho. Migodi ya m'dera la Glendalough inatsekedwa komaliza mu 1957.

Pofika chaka chimenecho dziko linali litasintha kale. Mu 1858 Eli Whitney Blake wa ku America anapanga makina a nsagwada zachitsulo zotafuna miyala ikuluikulu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kunafala chigayo cha mipira yachitsulo. Kusintha kwakukulu kunachokera ku Broken Hill ku Australia kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, kumene milu ya zotayidwa zodzaza ndi zinki inali itaunjikana popanda wodziwa chochita nayo. Kumeneko kunakhwima njira ya thovu: ufa wa mwala ukasakanizidwa ndi madzi ndi mankhwala n'kuuziramo mpweya, timadontho ta zinki kapena mtovu timamatirira ku thovu n'kuyandama, mwala wamba n'kutsalira pansi. Njirayi inatsegula migodi imene kale inali yosatheka, koma ili ndi lamulo lake. Imafuna ufa wosalala kwambiri.

Magetsi atachuluka, ndipo ku Ireland zimenezi zinayamba ndi siteshoni ya Ardnacrusha pamtsinje wa Shannon mu 1929, kugaya zonse kunakhala kotchipa kusiyana ndi kulemba anthu osankha. Amayi ndi ana anapumula ku nyundo, ndipo chimenecho n'chabwino. Koma pamodzi ndi nyundoyo panatayikanso chizolowezi chofunsa ngati mwala uliwonse uyeneradi kulowa m'chigayo. Mmene ndikuonera, apa ndi pamene panakhota. Kwa zaka pafupifupi 100, yankho la mwala wosauka linali limodzi: gula chigayo chachikulu kuposa chakale.

Chigayo cha mipira ndi mgolo wachitsulo wogona chopingasa, waukulu moti munthu amayendamo choimirira, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mkati mwake ndi mipira yachitsulo. Mgolowo ukamazungulira, mipira imakwera ndi khoma n'kugwera pa miyala yosakaniza ndi madzi. Phokoso lake silola kuti anthu awiri amvane popanda kukuwa, ndipo phala lotuluka kumapeto limakhala lofunda. Kufundako ndi phokosolo ndiwo magetsi otayika. Mipira yambiri imagunda mipira inzake kapena khoma, mwala n'kuuphonya. Imaperesekanso: pa tani iliyonse ya mwala wolimba pakhoza kutha chitsulo chokwana theka la kilogalamu kapena kupitirira, ndipo chitsulocho nachonso chinapangidwa ndi mphamvu.

Mu 1952 Fred Bond, injiniya wa ku America, anapereka kawerengedwe kamene mainjiniya a migodi akukagwiritsabe ntchito. Tikatenga mwala wolimba mwapakatikati n'kuwerengera mwa njira yake, zimatuluka motere. Kuphwanya tani imodzi kuchoka pa zibuluma za theka la mita kufika pa timiyala ta sentimita imodzi kumadya pafupifupi yuniti imodzi ya magetsi, yuniti yomweyi timagula n'kuthira m'mita ya kunyumba. Kuchoka pamenepo kufika pa ufa wa gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita kumadya mayuniti pafupifupi 12. Tikafuna kuti ufawo usalale kuwirikiza kawiri, mayuniti amakwera kufika pa 17. Kuphwanya n'kotchipa. Chodula ndi kugaya, ndipo kumadulirabe ufa ukamasalala.

Mayi wosinja pamtondo amaidziwa nkhaniyi. Sasinja mpaka zonse zisalale nthawi imodzi. Amasinja pang'ono, n'kusefa, ufa n'kuuika padera, misere yokha n'kubwezera mumtondo. Zigayo za migodi zimachita chimodzimodzi ndi makina opatula ufa ndi misere, koma makinawo akamagwira mosalongosoka, ufa umene wasalala kale umabwerera m'chigayo kukagayidwanso, magetsi n'kumapita pachabe.

Migodi yamakono ya ku Ireland inabadwira m'nyengo yogaya zonseyi. Wa Tynagh, m'chigawo cha Galway, unapezeka mu 1961 n'kuyamba ntchito mu 1965. Wa Silvermines unatsatira mu 1968. Kenako mu Novembala 1970, makina obowola nthaka kufupi ndi mtsinje wa Blackwater ku Navan anagunda mwala wa laimu wodzaza ndi zinki ndi mtovu. Chumacho chinayesedwa kuti chinali matani pafupifupi 70 miliyoni, okhala ndi zinki magawo 10 pa 100 alionse ndi mtovu woposa magawo awiri. Ntchito yomanga inayamba mu 1973, chaka chimene mtengo wa mafuta unakwera modzidzimutsa padziko lonse, pamene gawo lalikulu la magetsi a Ireland linkapangidwa ndi mafuta. Mgodi wa Tara unayamba kutulutsa katundu mu 1977, n'kukhala mgodi wa zinki waukulu kuposa yonse ku Ulaya. Unagulidwa ndi kampani ya ku Finland mu 1986, kenako ya ku Sweden mu 2004. Migodi ya Galmoy ndi Lisheen inatsegulidwa mu 1997 ndi 1999, n'kutsekedwa mu 2012 ndi 2015. Tara unatsala wokha.

Kayendedwe ka katundu wake kamathera mu Dublin. Mwala umaphwanyidwa koyamba pansi pomwepo, n'kukwezedwa kumtunda, kugayidwa, kupatulidwa ndi thovu. Ufa wa zinki ndi wa mtovu amaufinya madzi, ndipo kwa zaka zambiri wakhala ukupakiridwa m'sitima za pamtunda zimene zimadzera ku Drogheda kukatsitsa padoko la Dublin, ndipo kuchokera pamenepo zombo zimapita nawo ku ng'anjo za ku Kokkola ku Finland, Odda ku Norway ndi kwina. Pa matani 100 alionse ogayidwa ku Navan masiku ano, ofika padokopo sapitirira 15. Otsalawo, gawo lina amalisakaniza ndi simenti n'kulibwezera m'maenje a pansi, lina amalipopera kudamu la matope ku Randalstown. Koma matani onse 100 analipiridwa magetsi.

Mu 2009 mgodiwu unaika chigayo chimodzi chachikulu chimene mwala umadzigaya wokha, zibuluma zikuluzikulu n'kumagwira ntchito ya mipira. Chinalowa m'malo mwa makina ophwanyira a pamtunda ndi zigayo zakale za ndodo ndi mipira yachitsulo. Kunali kusintha kwanzeru, ngakhale kuti zigayo zotere sizidziwika ndi kudya magetsi ochepa. Chimene zimapulumutsa kwenikweni ndi chitsulo, malamba onyamula miyala, fumbi ndi ntchito yokonza makina ambirimbiri. Choyenera kuchiona apa ndi kutalika kwa nthawi. Kuchoka 1977 kufika 2009 ndi zaka 32. Chigayo cha mgodi chikasankhidwa, chimakhala m'badwo wathunthu.

Mavuto a 2023 anabwera pang'onopang'ono. Pa nthawiyo pafupifupi theka la magetsi a Ireland linkapangidwa ndi gasi, ndipo gasi wambiri amabwera papaipi kuchokera ku Scotland. Mtengo wake unayamba kukwera mu 2021, ndipo nkhondo ya ku Ukraine itabuka mu Febuluwale 2022 unakwera koopsa. Mu 2020, mayuniti 1,000 pamsika waukulu wa magetsi ankagulidwa pansi pa mayuro 50. Mu Ogasiti 2022 anapitirira mayuro 380. Ng'anjo za zinki za ku Ulaya, zimene zimadya mayuniti oposa 3,000 pa tani iliyonse ya zinki, zinayamba kuchepetsa ntchito, ndipo ya ku Budel ku Netherlands inaima mu Seputembala 2022. Ng'anjo zikachepa, ufa wa m'migodi umachuluka pamsika, ndiye zotsalazo zimakweza ndalama imene zimalipiritsa posungunula. Vuto limodzi linamenya mgodi mbali ziwiri.

Nthawi yonseyi Tara unkagwirabe ntchito, chifukwa zinki anali pamtengo wabwino. Mu Epulo 2022 tani imodzi inkagulidwa madola oposa 4,000. Pofika Juni 2023 inali itatsika pansi pa madola 2,500. Pa 13 Juni eni mgodi analengeza kuti aimitsa ntchito, ndipo mu Julaye anthu pafupifupi 650 anabwerera kunyumba, osawerengera makontilakita ndi ena onse amene amadyera pa malipiro a mgodi m'tauni ya Navan. Sitima zopita kudoko zinaima. Zifukwa zimene zinaperekedwa zinali kutsika kwa mtengo wa zinki, kudula kwa mphamvu, kukwera kwa mitengo ya zinthu zonse, ndi zovuta za kagwiridwe ka ntchito mumgodi momwemo. Pa nthawiyo mtengo wa magetsi pamsika waukulu unali utatsika kale kufika pakati pa mayuro 100 ndi 120. Unali wodulabe, koma mgodi unali utapirira pamene mtengowo unali wowirikiza katatu. Kunena kuti magetsi okha ndiwo anatseka mgodi sikugwirizana ndi madeti amenewa.

Chimene chinasintha mwakachetechete m'zaka zonsezi ndi mwala. Zinki wa magawo 10 uja anatsika kufika pa magawo asanu kapena asanu ndi limodzi. Mgodi unazama kufika pafupifupi kilomita imodzi, malo okumba n'kutalikirana ndi potulukira. Mpweya wotumiza pansi unachuluka, madzi opopa nawonso, ndipo pamgodi wapansi mafani ndi mapampu amenewa akhoza kudya magetsi ofanana ndi a chigayo kapena kuposa. Ndalama imalowa pa tani ya zinki, pamene magetsi amalipiridwa pa tani ya mwala. Mwala ukasauka ndi theka, zinki yemweyo amafuna kukumba kawiri, kunyamula kawiri, kugaya kawiri. Mtengo wa zinki ukakhala pamwamba zimenezi siziwoneka. Ukagwa, zimaonekera zonse tsiku limodzi.

Tiyerekeze mgodi wogaya matani 2 miliyoni pachaka, pa mayuniti 20 pa tani. Amenewo ndi mayuniti 40 miliyoni, ofanana ndi magetsi a mabanja oposa 9,000 a ku Ireland, kumene banja lapakatikati limawerengeredwa mayuniti 4,200 pachaka. Pa mtengo wa mayuro 50 pa mayuniti 1,000, bilu yake ndi mayuro 2 miliyoni. Pa mtengo wa 380, ndi mayuro 15 miliyoni. Mgodi wotere utati uzichotsa gawo limodzi mwa magawo asanu a mwala wopanda kanthu usanalowe m'chigayo, ungapulumutse mayuniti 8 miliyoni chaka chilichonse, kaya zinki akwere kaya atsike.

Zokambirana pakati pa eni mgodi ndi mabungwe a ogwira ntchito a SIPTU, Unite ndi Connect zinatenga miyezi yambiri ku Workplace Relations Commission, bungwe la boma loyanjanitsa olemba ntchito ndi ogwira ntchito. Mgwirizano unapezeka mu 2024, ndipo mgodi unayambiranso chakumapeto kwa chakacho ndi anthu pafupifupi 400. Ntchito zambiri sizinabwerere. Chimene chimandidetsa nkhawa pamikangano yotere, ku Ireland ndi kwina kulikonse, n'chakuti mawu ambiri amathera pa mtengo wa yuniti, pa thandizo ndi kuchotsera misonkho, pamene funso la kuchuluka kwa mayuniti pa tani limasiyidwa kwa mainjiniya ochepa. Komatu magetsi otchipa sakuoneka kuti abwerera msanga ku Ireland. Nyumba zikuluzikulu zosungira makompyuta a intaneti, zambiri zili mozungulira Dublin, zinkadya magawo asanu pa 100 a magetsi a dzikolo mu 2015. Pofika 2023 zinali pa magawo 21.

Nanga za magawo atatu kapena anayi a magetsi a padziko lonse aja? Nambalayi yakhala ikukopedwa kuchoka m'lipoti lina kupita m'lipoti lina, nthawi zina itaphatikiza kugaya simenti, malasha ndi miyala ya misewu. Ofufuza a ku Australia, Grant Ballantyne ndi Malcolm Powell, atawerengera mgodi ndi mgodi mu 2014, anapeza kuti kugaya miyala ya golide ndi mkuwa kumadya magawo 0.2 pa 100 a magetsi a padziko lonse. Kuwerengera kwina kwa mu 2015, kophatikiza zambiri, kunafika pa magawo ochepera awiri. Chimodzimodzi ndi mawu akuti chigayo chimagwiritsa ntchito gawo limodzi lokha pa 100 la mphamvu zake, zina zonse n'kutayika. Zimadalira poyerekezera. Mu 2002 Douglas Fuerstenau ndi mnzake anaonetsa kuti tikayerekeza ndi kuswa mwala umodziumodzi mosamala, chigayo cha mipira chimafika cha pa magawo 15. Nambala zoonazi n'zokwanira kale kutidetsa nkhawa. Gawo limodzi lokha pa 100 la magetsi a padziko lonse limaposa magetsi onse amene South Africa imapanga pachaka.

Njira zochepetsera zilipo, ndipo zina n'zakale ndithu. M'zaka za m'ma 1970 Klaus Schönert wa ku Germany anaonetsa kuti kufinya miyala yambiri pamodzi pakati pa migolo iwiri, ndi mphamvu yaikulu kwambiri, kumadya magetsi ochepa kusiyana ndi kuiponyera mipira. Maonekedwe a makinawo sasiyana kwenikweni ndi aja a ku Glendalough. Mafakitale a simenti anawalandira m'zaka za m'ma 1980, koma migodi ya miyala yolimba inadikira mpaka m'zaka za m'ma 2000, pamene anaikidwa ku Cerro Verde ku Peru ndi ku Mogalakwena ku South Africa. Ku Mount Isa ku Australia, mu 1994, kunayamba kugwira ntchito chigayo chotakasa ndi timipira ting'onoting'ono, chopangidwira zinki ndi mtovu wofuna ufa wosalala kwambiri. Kusankha nako kwabweranso, tsopano kukuchitidwa ndi makina a X-ray amene amaunika mwala uliwonse palamba n'kuuzira pambali umene aufuna. Ku Karowe ku Botswana, makina otere ndiwo anatola dayamondi wa makarati 1,109 mu Novembala 2015.

Sikuti njira iliyonse imagwira pa mwala uliwonse. Zinki wa ku Navan ndi wa timadontho ting'onoting'ono, ndipo mwala wotere sulola kusankhidwa mosavuta ngati mtovu wa ku Wicklow. Chofunika ndi kuyesa mwalawo mapulani asanajambulidwe. Chimene chachedwetsa njirazi kawirikawiri n'zizolowezi za anthu. Obwereketsa ndalama amakonda makina amene awaonapo kale. Oyendetsa fakitale amayamikiridwa pa matani odutsa pa ola, ndipo n'kawirikawiri kuti wina awafunse mayuniti. Opanga mapulani amawerengera mtengo wa magetsi wa chaka chimene akumanga, ngati kuti udzakhala womwewo zaka 30.

Kwathu kuno nkhaniyi ndi yolemera kuposa ku Ireland. Magetsi athu ambiri amachokera pamtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 tinataya mamegawati pafupifupi 130 usiku umodzi. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga, umene unatsegulidwa mu 2009 n'kuima mu 2014 mtengo utagwa, unkayendera majenereta a dizilo nthawi yonseyo, kutanthauza kuti yuniti iliyonse yogayira mwala inkabwera pa thanki kuchokera kudoko lakutali, yolipiridwa ndi ndalama zakunja. Anzathu a ku Zambia, kumene migodi imadya pafupifupi theka la magetsi a dziko lonse, anaona mu 2024 mmene chilala cha ku Kariba chimasautsira mgodi ndi nyumba za anthu nthawi imodzi. Miyala yathu nayo ndi yosiyana. Ku Kasiya, m'boma la Lilongwe, chumacho chili m'dothi lofewa losafuna kuphulitsa kapena kugaya, ndipo umenewo ndi mwayi waukulu. Ku Kangankunde ku Balaka, ku Songwe Hill ku Phalombe ndi ku Kanyika ku Mzimba kuli thanthwe lolimba, limene lidzafuna chigayo.

Zigayo zimenezo zikusankhidwa m'zaka zino, ndipo zikaikidwa zidzakhala mpaka ana amene ali ku pulayimale lero adzakhale makolo. Aphungu, mafumu a m'madera amenewa, atolankhani anzanga, ndi inu ophunzira za migodi ku MUBAS: mukaitanidwa kumisonkhano yofotokoza za mgodi watsopano, musalekere pa chiwerengero cha ntchito ndi msonkho. Funsani kuti tani imodzi idzadya mayuniti angati, mayunitiwo adzachokera kuti, ndipo mwalawo unayesedwa kodi kuti aone ngati wopanda kanthu ungachotsedwe usanalowe m'chigayo. Pemphani kuti mayankhowo alembedwe mu mgwirizano usanasainidwe.